Dziko lathu ndi lopendekeka: nanga mwezi umvera ndani?

Izi ndi zomwe mtolankhani wa nyuzi ino adayankhula pa msonkhano wa aphunzitsi, makolo ndi ana a sukulu ku Chisepo m'boma la Dowa. Tangodulako malonje ena.

Mwandiitana kuti tikambe za kumwamba. Sindikunena kumwamba kwa abusa ayi, koma kuja timakuona tonse tikatuluka panja usiku, kumene anzathu a m'tauni amakukumbukira pokhapokha magetsi akathima.

Makolo athu adasiya nthano yoti mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wa kuzambwe, Puikani, ndi wodziwa kuphika, kotero mwezi ukangooneka kumene madzulo uli woonda ngati chikwakwa, umayamba kunenepa tsiku ndi tsiku. Mkazi wa kuvuma, Chekechani, ndi woumira, ndipo mwezi ukafika kwa iye m'bandakucha umanka nuonda mpaka kutheratu. Lero tikudziwa kuti akazi awiriwa ndi mmodzi yemweyo, nthanda, imene azungu amaitcha Venus. Koma nthanoyi ili ndi choona chimene adachipeza ndi maso okha: mwezi suphonya njira ya kwa nthanda. Simudzauona ukusochera kukafika pa nyenyezi za Mtanda wa Kummwera. Dzuwa, mwezi, nthanda, Mars, Jupiter ndi Saturn, zonsezi zimayenda mu msewu umodzi wopapatiza wochoka kuvuma kunka kuzambwe.

Kodi n'chifukwa chiyani? Chifukwa mapulaneti onse amazungulira dzuwa ngati kuti adawayika pa lichero limodzi. Zaka pafupifupi 4,600 miliyoni zapitazo, kunalibe dziko, kunali chimtambo cha mpweya ndi fumbi chimene chinkazungulira pang'onopang'ono. Mphamvu yokoka idachikhwinyata, ndipo chinthu chozungulira chikakhwinyata chimaonjezera liwiro. Onani mayi wovina chimtali akatembenuka mwachangu: nsalu yake imatambasukira m'chiuno, osati kumutu kapena kumapazi. Chimtambo chija chidachitanso chimodzimodzi. Tizidutswa tomwe tinkakwera ndi tomwe tinkatsika tinkagundana mpaka tonse tidakhazikika pa chimbale chimodzi chaphwatalala, dzuwa lili pakati. Mapulaneti adaumbika m'chimbale chimenechi. Immanuel Kant adaganiza zotere mu 1755, ndipo Pierre-Simon Laplace wa ku France adazifotokozanso mu 1796.

Tsono pali chodabwitsa. Chikhala kuti zonse zidayenda mwabata, pulaneti iliyonse ikadamazungulira itaima chilili pa licherolo ngati nguli yokwapulidwa bwino. Koma si mmene ziliri. Jupiter yekha mwa akuluakulu ndiye waima pafupifupi chilili, wapendekeka ndi madigiri atatu basi. Dziko lathu lapendekeka ndi madigiri 23 ndi theka, Mars 25, Saturn 27, Neptune 28, ndipo Uranus 98, kutanthauza kuti iyeyu adagoneratu chammbali.

Madigiri 23 ndi theka athuwa ndiwo amalamula ulimi wa ku Dowa ndi ku Ntchisi. Chisepo ali pa madigiri pafupifupi 13 ndi theka kummwera kwa Equator, mzere uja wodutsa m'chiuno mwa dziko. Mu Juni mbali yathu ya dziko imakhala itafulatirako dzuwa, choncho masana dzuwa limadzera kumpoto, kuwala kwake kumatifika mopendekeka, ndipo m'madambo mumagwa chisanu. Kumapeto kwa Okutobala dzuwa limafika paliwombo penipeni, mitambo isanabwere, ndiye kutentha kuja timakudziwa. Mu Disembala limapitirira pang'ono kummwera, kenaka chapakati pa Febuluwale limadutsanso paliwombo pobwerera. Lamba wa mitambo ya mvula amatsata dzuwa m'mbuyo, n'chifukwa chake dzinja lathu limagwa nthawi imeneyo.

Ena amaphunzitsa ana kuti mu Juni kumazizira chifukwa dzuwa latalikira. Abale athu amene adakhalako ku London angakuuzeni kuti kumeneko Juni ndiye chilimwe, dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa, pomwe mu Disembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko. Dziko ndi limodzi, mtunda wa kudzuwa ndi womwewo, koma nyengo ndi zosemphana. Yankho ndi kupendekeka. Kuno kwathu kusiyana kwake n'kochepa: usana wa mu Juni umatenga maola 11 ndi mphindi 20, wa mu Disembala pafupifupi maola 13.

Tsopano tifike pa miyezi. Ndikunena miyezi ya kumwamba, osati ya pa kalendala, pakuti mapulaneti ambiri ali ndi miyezi yawo. Funso ndi ili: pulaneti ikakhala yopendekeka, mwezi wake uyende motsata chiuno cha pulanetiyo, kapena motsata lichero la dzuwa lija?

Mwezi uliwonse uli ndi akuluakulu awiri ouuza zochita. Woyamba ndi pulaneti yake. Chinthu chozungulira chimatupa m'chiuno. Dziko lathu ndi lonenepa m'chiuno ndi makilomita 43 kuposa muyezo wake wochoka kumutu kufika kumapazi, ndipo Saturn ndi wophwatalala kwambiri mwakuti zimaoneka pa telesikopu. Kutupa kumeneku kumakokera njira ya mwezi kuti izizungulira chiunocho. Wachiwiri ndi dzuwa, lomwe limakokera njira yomweyo kuti izizungulira lichero lalikulu. Mphamvu ya chiuno imatha msanga mukamatalikira pulaneti, pomwe ya dzuwa imakula njira ya mwezi ikamakula. Kwathu kuno tinganene kuti mwana amene ali pa khonde amamvera mayi ake, koma akakula nayamba kuyenda kutali, mawu a malume ndiwo amalemera. Mwezi wapafupi umatsata chiuno cha pulaneti, wakutali umatsata dzuwa, ndipo wapakatikati umatenga njira ya pakati pa ziwirizi. Laplace adawerengera zimenezi mu 1805, ndipo mpaka lero malire amenewa amatchulidwa dzina lake. Mukadajambula njira zonse zoyenera, simukadapeza lichero lowongoka, koma lopindika ngati mlomo wa chipewa chakale.

Saturn ndiye amaonetsa bwino zimenezi. Mphete zake, zopangidwa ndi tizidutswa ta madzi oundana, zagona ndendende m'chiuno mwake. Popeza iye ndi wopendekeka ndipo amatha zaka 29 ndi theka kuzungulira dzuwa, ife timaziona mphetezo kuchokera pamwamba, kenaka chammbali, kenaka kuchokera pansi. Zikatipatsa mbali zimazimiririka, chifukwa ndi zopyapyala zedi. Galileo adaziona mu 1610 osadziwa kuti ndi chiyani, ndipo mu 1612 adathedwa nzeru ataona kuti zasowa. Christiaan Huygens ndiye adalongosola mu 1659 kuti ndi mphete yopendekeka. Zidatipatsa mbali mu 1995, mu 2009, ndiponso pa 23 Malichi 2025. Titan, mwezi waukulu wa Saturn, ali pa mtunda wa makilomita 1.2 miliyoni ndipo amatsata chiuno. Koma Iapetus, amene Giovanni Cassini adamupeza mu 1671, ali kutali kuwirikiza katatu, ndipo njira yake yapatuka ndi madigiri 15 kuchoka m'chiuno. Ameneyo ndi mwana woti wayamba kumvera malume.

Nanga mwezi wathu? Akatswiri ambiri amagwirizana kuti udabadwa pamene chinthu chachikulu ngati Mars chidaomba dziko likadali lanthete, ndipo zophulika zidapanga chimbale chomwe chidaumba mwezi pafupi kwambiri ndi ife. Kuyambira pamenepo wakhala ukutalikira. Magalasi amene a chombo cha Apollo 11 adasiya pa mwezi mu 1969 amaonetsa kuti umasuntha masentimita 3.8 pa chaka, monga mmene chikhadabo chimakulira. Malire a Laplace a dziko lathu ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 64,000, koma mwezi uli pa makilomita 384,400. Udachoka kalekale pa khonde. Sutsata chiuno cha dziko, umatsata lichero la dzuwa, kungopatukako ndi madigiri asanu. Gwero la madigiri asanuwo akatswiri akadakanganirana, ndipo mu 2016 Matija Ćuk ndi anzake adaonetsa kuti angakhale chipsera cha nthawi imene dziko linali lopendekeka kwambiri kuposa lero.

Madigiri asanu amenewa ndiwo amayankha funso la kadamsana. Mwezi umadutsa pakati pa ife ndi dzuwa mwezi ndi mwezi, nanga bwanji kadamsana sachitika mwezi ndi mwezi? Chifukwa nthawi zambiri umadutsa pamwamba pang'ono kapena pamunsi pang'ono, ndipo mthunzi wake umaphonya dziko. Njira ya mwezi imadula lichero la dzuwa pa mphambano ziwiri zokha. Kadamsana amatheka pokhapokha dzuwa likalunjikana ndi mphambanozo, ndipo izi zimachitika pakatha masiku pafupifupi 173. Mphambanozo nazo sizikhala malo amodzi: dzuwa limazikoka kuti zizibwerera m'mbuyo, ndipo zimatha zaka 18.6 kuti zizungulire. Masamu amenewa ndiwo adathandiza kudziwiratu, zaka zambiri zisanachitike, kuti pa 21 Juni 2001, 3 koloko masana itangodutsa, mzinda wa Lusaka udzachita mdima kwa mphindi zitatu ndi pang'ono. Zidaterodi, ndipo kuno ku chigawo cha pakati tidaona dzuwa litadyeka mbali yaikulu. Masamu omwewo adaneneratu za mwezi wofiira wa pa 27 Julaye 2018 ndi wa pa 7 Sepitembala 2025.

Ndikutsindika pamenepa chifukwa kadamsana aliyense amabwera ndi amalonda ake. Kumadzuka anthu olengeza kutha kwa dziko, ena n'kugulitsa mbuzi ndi chimanga pa mtengo wolira, ena n'kuloza chala nkhalamba ya pa mudzi kuti ndiyo yadetsa kumwamba. Chinthu chimene mwana wa Fomu 3 angathe kuchiwerengera tsiku ndi ola lake sichingakhale ntchito ya agogo a munthu.

Tsopano tipite kwa Uranus, wogona chammbali uja. William Herschel adamupeza pa 13 Malichi 1781. Amatha zaka 84 kuzungulira dzuwa, kotero mutu wake umaona dzuwa zaka 42 osalowa, kenaka mdima zaka 42. Mwana wobadwira kumeneko m'bandakucha akadaona dzuwa likulowa ali ndi zidzukulu. Herschel adapeza miyezi iwiri, Titania ndi Oberon, mu 1787. William Lassell adapeza Ariel ndi Umbriel mu 1851. Gerard Kuiper adapeza Miranda mu 1948. Ndipo mphete zake zidadziwika mu 1977 pamene zidaphimba nyenyezi ina mobwerezabwereza. Zonsezi zagona m'chiuno mwa Uranus, ndipo zimazungulira kumene iye amazungulira. Pamene chombo cha Voyager 2 chidamudutsa pa 24 Januwale 1986, njira za miyeziyo zidali zitayang'ana dzuwa ngati gudumu la njinga loimika, ndipo chombocho chidangojambula theka la kummwera la mwezi uliwonse, theka linalo lili mu mdima.

Apa pali mwambi wofuna kumasulira. Ngati Uranus adabadwa chilili ndipo chinthu china chidamugwetsa pambuyo pake, miyezi yake idadziwa bwanji kuti nayo igone? Mukagwetsa munthu, ana ake sagwa nawo. Yankho limodzi lidachokera kwa Alessandro Morbidelli ndi anzake ku Nice, m'dziko la France, mu 2012. Iwo adati tiyerekeze kuti pa nthawi ya kuombedwako miyezi inali isanaumbike, kunali chimbale chabe. Pulaneti ikapendekeka mwadzidzidzi, chiuno chake chimayamba kukoka chimbalecho. Tizidutswa tapafupi timadzandira mofulumira, takutali mochedwa, ndipo chimbale chimasokonekera n'kusanduka nkhata yokhuthala yozinga chiuno chatsopanocho. Mkati mwa nkhatayo tizidutswa timagundana, kukwera ndi kutsika kumatha, ndipo nkhata imaphwa n'kukhalanso chimbale, koma tsopano chogona m'chiuno. Miyezi imaumbika mmenemo. Kuwerengera kwawo kudaonetsanso kuti chikhala Uranus adagwetsedwa ndi nkhonya imodzi kuchoka chilili, miyezi ikadamayenda mobwerera m'mbuyo. Popeza siitero, iwo adati nkhonya zidali zosachepera ziwiri.

Pali ena amene akuti nkhonya sidafunike. Mu 2020 zotsatira za chombo cha Cassini zidaonetsa kuti Titan akutalikira Saturn ndi masentimita 11 pa chaka. Melaine Saillenfest wa ku Paris adaonetsa mu 2021 kuti kusuntha kotere kungathe kupendeketsa pulaneti yonse pang'onopang'ono, ndipo mu 2022 adati mwina Uranus naye adagonekedwa ndi mwezi waukulu umene pambuyo pake udamugwera. Kupendekeka kukamachitika mwakachetechete chotere, miyezi yapafupi imangotsatira chiuno osasokonekera. Mlanduwu sunagamulidwe, ndipo umboni wake uli mu njira za miyezi. Onani Triton wa Neptune: iye amayenda mobwerera m'mbuyo, pa njira yopendekeka, ndipo zimenezi zokha zimaulula kuti si mwana wa pakhomopo, adachita kugwidwa akudutsa.

Mwina wina afunsa kuti zimbale zimenezi adaziona ndani. Zidaoneka. Ku mbali ya kummwera ya thambo lathu lomweli, m'gulu la nyenyezi la Centaurus, kuli nyenyezi yanthete yotchedwa PDS 70, imene kuwala kwake kumatenga zaka 370 kuti kutifike. Ndi maso simungaione. Mu 2018 ndi 2019 matelesikopu a ku Chile adajambula mapulaneti awiri akuumbika mkati mwa chimbale chake. Mu 2021 gulu lotsogozedwa ndi mayi Myriam Benisty, pogwiritsa ntchito makina a ALMA m'chipululu cha Atacama, lidaonetsa kuti imodzi mwa mapulanetiwo ili ndi chimbale chakechake, chotambalala ngati mtunda wochoka pano kufika kudzuwa, chokhala ndi fumbi lokwanira kuumba miyezi itatu yonga wathu. Tikuonerera pa khomo la eni zomwe zidachitika pakhomo pathu tisanabadwe.

Ndibwerere kunyumba, pakuti nkhaniyi idalembedwanso pansi pa nyanja yathu. Kukokana kuja ndi kwa mbali ziwiri: monga chiuno cha dziko chimakoka mwezi, mwezi ndi dzuwa nazo zimakoka chiunocho, ndipo dziko limadzandira ngati nguli, ulendo umodzi pa zaka pafupifupi 26,000. Lero timayandikira dzuwa mu Januwale, dzinja lathu lili mkati. Zaka 11,000 zikubwerazo tidzayandikira cha mu Julaye, ndipo mphamvu ya dzuwa yoitana mvula kuno kummwera idzachepa. Mu 2005 akatswiri otsogozedwa ndi Christopher Scholz wa ku yunivesite ya Syracuse adaboola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope a zaka zikwi mazanamazana. Zomwe adalengeza mu 2007 ndi zoti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa mwakuti nyanja yathu, yozama mamita 700, idataya magawo 95 mwa magawo 100 a madzi ake. Adapeza kuti zilalazo zidayenderana ndi kudzandira kwa dziko pa nthawi imene njira yake yozungulira dzuwa inali yotalika mbali imodzi kuposa lero.

Koma chenjerani pamenepa. Zimenezi zimatenga zaka zikwizikwi. Kupendekeka kwa dziko kumangosewera pakati pa madigiri 22 ndi 24 ndi theka pa zaka 41,000, ndipo Jacques Laskar adaonetsa mu 1993 kuti mwezi wathu waukuluwu umathandiza kukukhazika, pomwe Mars, wa timiyezi tiwiri tating'ono, wakhala akugwedezeka ndi madigiri makumimakumi. Inu amene mudadutsapo pa chikwangwani cha Tropic of Capricorn pa msewu wa ku Joni, kumpoto kwa Polokwane, dziwani kuti mzerewo umasuntha mamita pafupifupi 15 okha pa chaka. Choncho wina asakuuzeni kuti mvula yayamba kuvuta masiku ano chifukwa dziko lapendekeka. Kusintha komwe tikuona pa moyo wathu uno ndi kwa utsi umene mafakitale ndi magalimoto a pa dziko lonse atulutsa, ndipo kukokoloka kwa nthaka m'mapiri athuwa ndi kwa mitengo imene tidadula tokha. Kuzitula pa nyenyezi ndi kuthawa mlandu.

Ndithe ndi pempho. Ku Karoo, ku South Africa, kuli makina a MeerKAT a mbale 64 amene adatsegulidwa mu 2018, ndipo pa ntchito yaikulu ya SKA maiko asanu ndi atatu a mu Africa adalembedwa kukhala othandizana nawo: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Anansi athu a mbali zonse ziwiri alimo, dzina la Malawi mulibe. Amene mumakumana ndi aphungu, afunseni za zimenezi. Koma tisadikire yankho lawo. Aphunzitsi, zikani mtengo wowongoka wa mita imodzi pa bwalo la sukulu, ndipo Lachisanu lililonse ana aziyeza mthunzi wake pamene wafupikitsitsa masana, n'kulemba m'kope. Adzaona ukuloza kummwera mu Juni uli wotalika masentimita 75, ukusowa kumapeto kwa Okutobala, ukutulukira kumpoto mu Disembala. Chaka chikatha adzakhala atayeza okha kupendekeka kwa dziko, popanda kuuzidwa ndi buku. Amayi ndi abambo, mwezi ukakhala wathunthu onetsani ana pamene watulukira, pa phiri liti kapena pa mtengo uti, ndipo muone mmene malowo asinthire mwezi wamawa.

Pa 25 Novembala 2030 m'mawa, mthunzi wa mwezi udzadutsa Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, ndipo kuno tidzaona dzuwa litadyeka mbali. Musadzaliyang'ane ndi maso. Boolani kabowo pa katoni, kuwala kugwere pa pepala, kapena ingoyang'anani pansi pa mtengo wa masamba. Tsiku limenelo ndikufuna kuti pa mudzi uliwonse wa kuno ku Chisepo padzapezeke mwana mmodzi woti adzafotokozere akuluakulu zomwe zikuchitika, mbuzi zisanagulitsidwe.

Amene ali ndi mafunso, bwalo ndi lanu.